Kodi Zitsulo za Galimoto Zingaumbidwe Monga Mbiya?

Anzanga, tonse taonapo mmisiri akusema mtondo. Iye atenga chipika chachikulu, nachotsa chotsa mpaka mtondo utsale. Koma mai woumba mbiya sachotsa kanthu. Asanjika dongo pang'ono pang'ono kufikira mbiya yatha. Kwa zaka zambiri opanga galimoto atsata njira ya wosemayo, kapena kuthira chitsulo chosungunuka m'chikombole. Tsono kuli makina ena otsanzira woumba, ndiwo amene achedwa makina osindikiza a 3D. Chuck Hull wa ku America analandira kalata ya umwini wa luso lotere mu 1986.

Kagwiridwe kache nkotere. Chithunzi cha chinthucho chijambulidwa pa kompyuta, ndipo kompyuta ichidula m'timagawo topyapyala kwambiri. Makina ayala ufa wa chitsulo, kuwala kwa laser kuusungunula pokha pofunikapo, kenaka ayalanso ufa wina pamwamba pache.

Mu 2018 kampani ya Bugatti inaonetsa chitsulo chopanira mabuleki chimene inaumba ndi ufa wa titanium. Panayalidwa magawo 2,213, ndipo nchitoyo inatenga maola 45. Chinalemera makilogalamu 2.9, pamene chakale cha aluminiyamu chinali 4.9. Kupepukaku nkokoma ndithu, pakuti galimoto yopepuka simwa mafuta ambiri. Koma taganizani za maola 45 aja! Makina odinda malata pa fakitale atulutsa zitsulo mazana ambiri m'ora limodzi. Chikombole chimadya ndalama pochikonza, koma chikatha, chitsulo chiri chonse chotulukamo chitsika mtengo. Wosindikiza alibe mwai umenewu: chitsulo choyamba ndi cha chikwi mtengo wache uli pafupifupi umodzi. Ufanso ngwodula, ndipo chinthu chikatuluka chifunika kuchipala ndi kuchiyesa ngati mulibe timing'alu m'kati.

Ena anayesa galimoto yathunthu. Mu 2014 a Local Motors anasindikiza thupi la galimoto yochedwa Strati ku Chicago m'maola 44, koma injini ndi matayala anachita kutenga kwina. Kampaniyo inatsekedwa mu 2022.

Ine ndiona kuti pamene lusoli lipindula kweni kweni ndi pa masipeya osowa. Galimoto za Porsche 959 zinapangidwa 292 zokha. Kodi ndani angakonze chikombole chifukwa cha galimoto zochepa chotero? Kotero mu 2018 a Porsche analengeza kuti kachitsulo kena ka klatchi ya galimotoyo akukasindikiza ndi ufa wa chitsulo, ndipo pokayesa anakasenzetsa katundu wa matani pafupifupi 3 osathyoka. Amene munaona galimoto itakhala pa njerwa miyezi yambiri kudikira kachitsulo kamodzi kochokera ku Japan mudziwa kukoma kwa nkhani imeneyi. Komabe makina osungunula ufa wa chitsulo ngokwera mtengo ndipo afuna magetsi osadukiza, chotero m'magalaja a kuno kwathu zoyamba kusindikizidwa zidzakhala za pulasitiki, monga zogwirira zitseko ndi tomangira nyali.