Mpasa ndi Mtsinje wa Bua

Ana inu, mtsinje wa Bua uyambira ku Mchinji, nuyenda ulendo wautali pakati pa minda ndi madambo, nupyola m'nkhalango ya Nkhotakota, kufikira utathira m'nyanja ya Malawi. Timitsinje tambiri ta m'midzi tithira madzi m'menemo, monga ana opereka msonkho kwa mfumu.

M'nyanjamo muli nsomba yaikulu ya mamba onyezimira, dzina lake mpasa. Nsomba imeneyi sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, koma m'nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yake mokha. Mpasa ikulira m'nyanja ndi kudya tinsomba tating'ono. Koma ikafuna kuikira mazira, isiya nyanja, nikwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe, mvula itaidzaza. Ifunafuna malo osaya, a madzi oyera ndi othamanga, pamene pansi pake pali nsangalabwi zopanda matope. Pamenepo iikira, ndipo mazira agwera m'mipata ya pakati pa timiyalato.

Nanga isankhiranji malo otere? Dzira la nsomba lili ndi moyo, ndipo lipuma mpweya umene uli m'madzi. Madzi othamanga alowa pakati pa miyala, nalitengera mpweya watsopano usana ndi usiku. Koma matope akadza, atseka mipata yonse, ndipo dziralo lifa, monga afa munthu wotsekedwa mphuno ndi pakamwa.

Matopewo achokera kwa ife. Munthu akadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, nalima kufikira pagombe penipeni, natentha tchire chaka ndi chaka, mvula ipeza nthaka yopanda chofunda, niikokolola. Potero titaya zinthu ziwiri: munda usauka pakuti chonde chake chapita, ndi mtsinje uonongeka pakuti chondecho chasanduka matope. Enanso atseka mtsinje wonse ndi miono, kapena athira katupe m'madzi, napha nsomba zazikulu pamodzi ndi ana omwe. Lamulo la usodzi la chaka cha 1997 liletsa kupha nsomba ndi mankhwala.

Taonani chimene chinachitikira ntchila, nsomba inanso yokwera mitsinje. M'chaka cha 1939 akatswiri atatu a ku England, mmodzi wa iwo mayi Ethelwynn Trewavas, anadza kudzaphunzira nsomba za m'nyanja yathu. Masiku amenewo ntchila inali yochuluka ndithu. Koma anthu anaigwira mopyola muyeso isanaikire mazira, ndi mitsinje inadzala matope, kotero kuti lero asodzi aiona kamodzikamodzi. Akulu anati, mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.

Komatu mtsinje wodwala ukhoza kuchira. M'nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lisunga pamodzi ndi boma kuyambira 2015, mitengo ikali chilili m'mbali mwa Bua, ndipo mpasa ikwerabe kukaikira kumeneko. Mizu igwira gombe, udzu usefa madzi a mvula, ndi mthunzi uziziritsa mtsinje.

Tsono inunso mukhoza kuyesa kamtsinje ka kwanu monga achita akatswiri. Mvula itagwa, tungani madzi m'botolo loyera pamene mtsinje upyola m'mitengo, ndi m'botolo lina pamene upyola m'minda yolimidwa kufikira pagombe. Muwaike pamalo amodzi usiku wonse, ndipo m'mawa muyese ndi chala kuzama kwa matope okhala pansi pa botolo lililonse. Mutembenuzenso miyala isanu ya m'madzi, muwerenge tizilombo tomatirira kunsi kwake. Pamene pali mitundu yambiri, madziwo ali ndi moyo. Mukatha, mubwezere mwala uliwonse pamalo pake, pakuti ndiyo nyumba yao. Pomaliza, mupemphe akulu a m'mudzi akuloleni kubzala mikuyu, katope ndi bango pagombe, ndi kusiya udzu wosalimidwa pakati pa munda ndi madzi. Mulungu anatisungitsa madziwa, ndipo okhala kunsi kwa mtsinje amwa chimene ife titumiza.

Mafunso

1. Mpasa ikwera mitsinje chifukwa ninji?
2. Matope apha bwanji mazira a nsomba?
3. Tchulani zinthu ziwiri zimene titaya nthaka ikakokoloka.
4. Kamtsinje ka kwanu kathira mumtsinje uti?