Za Malamulo a Tsindwi la Nyumba

Anthu ambiri amayesa kuti malamulo a kamangidwe ka nyumba ndi mwambo wa dzulodzulo, umene Boma linaupeka kuti lipezerepo ndalama. Sikutero ai. Pa Deuteronomo 22:8 Aisrayeli analamulidwa kuti womanga nyumba yatsopano azungulize kampanda pa tsindwi lace. Matsindwi a dziko lija anali athyathyathya, ndipo anthu ankayanikapo zinthu, kucezerapo, ndi kugonapo nyengo yotentha. Tsono munthu akagwa nafa, mlandu unali pa mwini nyumba. Taonani kuti lamulolo linali kucinjiriza makamaka mlendo ndi mwana, amene sadziwa polekezera tsindwi.

Mudzi umene unaphunzira zimenezi ndi misozi ndiwo London. M'caka ca 1212 moto waukuru unapha anthu ambiri kumeneko, ndipo akuru a mudzi analetsa kufolera nyumba zatsopano ndi udzu kapena bango. Zofolera kale anati zimatidwe pamwamba asanathe masiku 8. Koma nyumbazo zinakhalabe zamatabwa ndi zothithikana, ndipo mu 1666 moto wina unapsereza nyumba zoposa 13,000 ndi machalichi 87. Pamenepo, mu 1667, anaika lamulo lakuti makoma akhale a njerwa kapena miyala, nasankha anthu oyendera nchitoyo. Ngakhale pomanganso nyumba ya masewero yochedwa Globe, imene inatsegulidwa mu 1997, anacita kupempha cilolezo capadera kuti aifolere ndi bango, naika mipope ya madzi pamwamba pace. Pakuti yoyambayo inapsa mu 1613, moto utayambira pa tsindwi.

Sitinena kuti udzu ndi woipa. Pamudzi, pamene nyumba ziri patalipatali, udzu wofolera bwino uposa malata pa kuzizira kwa m'nyumba. Koma m'tauni moto wa mnansi wako uli wako womwe.

Kuno ku Zambia lamulo la 2015 la mamangidwe a mizinda ndi madera lipatsa makhonsolo mphamvu ya kuona mapulani ndi kupereka cilolezo. Cifukwa cace inu akuru a mpingo, amene mwasonkha ndalama zaka zambiri kuti mukonze tsindwi la chalichi kapena la sukulu, yambani mwafunsa ku khonsolo musanagule msomali ndi umodzi womwe. Kucotsa malata ndi kuikapo matailosi a simenti si nchito yaing'ono, pakuti matailosi alemera pafupifupi kakhumi kuposa malata, ndipo mitanda ndi makoma akale sangasenze katundu wotere popanda kulimbitsidwa.

Cina cimene ambiri sacizindikira ndi ici: mphepo ya mkuntho sikankhira tsindwi pansi, koma ilikokera kumwamba, makamaka m'mphepete ndi m'ngondya. Malata opepuka ndiwo ayamba kuuluka, kawirikawiri pamodzi ndi mitanda yace, ndipo agwera pamene pali ana. Ndico cifukwa woyendera nchito afuna kuona waya wolimba woikidwa m'kati mwa khoma, mizere ingapo ya njerwa pansi, womangirira mitanda ku khomalo. Kusanjika miyala pa malata sikulowa m'malo mwa wayayo. Misomali ikhomedwe pa msana wa lata, osati m'ngalande moyenda madzi, ndipo matabwa apakidwe mankhwala oletsa ciswe. Tsindwi lakale likakhala la asibesito, musalole anyamata kuliswa kapena kuliceka, popeza pfumbi lace liononga mapapu, ndipo nthenda yace ioneka patapita zaka zambiri.