KADZIDZI, MBEWA NDI CIMANGA

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, anyamata a kwa Mlolo, kwa Mwangala ndi kwa Zingalume m'boma la Chadiza amatenga makasu ao napita kuminda kukakumba mbewa. Akafukula una wa citute amapezamo kankhokwe ka cimanga ndi mtedza, zimene kanyamako kanatuta m'masaya mwace. Madzulo mbewazo zimakhala ndiwo. Tsono mphamvu imene mnyamata amapeza m'ndiwozo inacokera kuti?

Inacokera ku dzuwa. Masamba obiriwira amalandira kuwala kwa dzuwa, natenga madzi m'nthaka ndi mpweya wa m'mlengalenga, napanga nazo shuga. Shugayo ndiye amakulitsa phesi ndi kukhwimitsa njere. Palibe nyama imene ingathe kucita zimenezi. Nyama iriyonse iyenera kudya zomera, kapena kudya nyama inzace imene inadya zomera.

Mano amaulula cakudya ca mwini wace. Ng'ombe iribe mano apamwamba akutsogolo. Imakolola udzu ndi lilime, niumeza, ndipo pambuyo pace imagona pamthunzi nkumabzikula. Mbewa iri ndi mano akutsogolo akuthwa ngati sompho, amene saleka kukula moyo wace wonse, ndico cifukwa cace imangokhalira kuteketa. Mphaka ali ndi mano ong'ambira nyama. Munthu ndi nkhumba amadya zonse.

Cotero mphamvu imayenda: cimanga cimadyedwa ndi mbewa, mbewa imadyedwa ndi njoka kapena kadzidzi, njoka nayo imagwidwa ndi ciombankhanga. Anthu ophunzira amacha mndandanda wotere unyolo wa cakudya, pakuti camoyo ciriconse cimakolana ndi cinzace monga mphete za unyolo wa pulao.

Koma mphamvuyo sifika yonse kumapeto. Mbewa ikadya, mphamvu yambiri imathera pa kuthamanga, kukumba una ndi kufunditsa thupi usiku wa cisanu. Ina imaturuka m'ndowe. Yotsala m'mnofu, imene kadzidzi angapeze, njocepa. M'caka ca 1942 mphunzi wina wa ku America, dzina lace Raymond Lindeman, amene anayesa zamoyo za m'kanyanja kena ku Minnesota, analongosola za kucepa kumeneku. Kucokera pa nchito yace anthu amawerengera kuti mwa magawo khumi a mphamvu, ngati limodzi lokha ndilo limaoloka kufika pa mphete yotsatira. Mbewa zikadya madengu 100 a cimanga, mphamvu yokhala m'matupi mwao ingafanane ndi madengu 10, ndipo yokhala m'thupi la kadzidzi ingafanane ndi dengu limodzi. Ndico cifukwa cace udzu uli ponseponse, mbewa nzambiri, koma ciombankhanga cimaoneka cimodzicimodzi. Unyolo sutalika kupitirira mphete zinai kapena zisanu, pakuti kutsogoloko sikutsala kanthu kodya.

Masamu omwewa aonetsa kuti kadzidzi mmodzi, kuti akhale ndi moyo, ayenera kutha mbewa zocuruka. Banja limodzi la kadzidzi woyera kumaso, amene amakonda kugona m'madenga ndi m'mphako, limagwira mbewa ndi makoswe oposa 1,000 pa caka polera ana. Umboni wace uli pansi pa malo amene amagona. Kadzidzi amameza mbewa yathunthu, ndipo pambuyo pace amalabvula timibulu ta ubweya ndi mafupa. Mwana akaswa kambulu kouma ndi kamtengo adzapezamo tizigaza ndi mano a mbewa, ndipo angathe kuwerenga zimene mbalameyo inadya.

Komatu kadzidzi sakondedwa. Akalira padenga anthu amati walosera maliro, ndipo amamponya miyala kapena kumuopsa ndi cikuni ca moto. Njoka nazo zimaphedwa zonse, za ululu ndi zopanda ululu zomwe. Amene amakondwa ndi kapuku, mbewa ya kumunda yoswana msanga koposa. Kapuku amatenga bere masabata atatu ndi masiku owerengeka, naswa ana khumi kapena kuposa nthawi imodzi, ndipo anawo amayamba kuswa asanathe miyezi inai. Mvula ikagwa bwino, udzu ndi mbeu zikacuruka, adani akewo akasowa, akapuku amafukula cimanga cobzalidwa cisanamere, ndipo mlimi amabzala kawiri. Mtengo waukuru umene unadulidwa m'mbali mwa munda ndiwo unali pokhalira kadzidzi poyembekeza mbewa usiku. Ku Israel alimi anazindikira zimenezi, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 anayamba kupacika mabokosi pamitengo m'minda mwao kuti akadzidzi aziikiramo mazira.

Kadzidzi akafa, nyerere, mphutsi ndi tizirombo tosaoneka ndi maso timadya mtembo wace, monga ciswe cimadyera mapesi. Zotsala zimabwerera m'nthaka kukadyetsa mizu. Koma mphamvu sibwerera. Inatha kale monga kutentha. Cimanga ca caka camawa cidzafuna dzuwa latsopano.

MAFUNSO
1. Kodi mphamvu ya m'mnofu wa ng'ombe inacokera kuti?
2. Lembani unyolo wa cakudya woyambira pa udzu wa kudambo, wokhala ndi ciwala ndi cule.
3. Cifukwa ninji akabawi sacuruka ngati nkhuku?