Mwabwezedwa ku Maphunziro a Usilikali? Nazi Njira Zolowera Koleji Ina

Wachinyamata akachoka ku Chadiza kupita ku sukulu ya asilikali ya MILTEZ ku Kabwe, kapena ku sukulu ya asilikali a ndege ku Livingstone, mudzi wonse umamuyembekezera atavala yunifolomu. Akabwerako mayeso atamukanika, manyazi amamutsekera m'nyumba. Ngati zimenezi zakugwerani, dziwani kuti satifiketi yanu ya giredi 12 ikadali ndi mphamvu, ndipo makoleji ena angathe kukulandirani. Tsatani njira izi.

1. Pezani chimene chinakugwetsani. Kodi anali masamu ndi Chingelezi m'kalasi, kutopa ndi maphunziro olimbitsa thupi, matenda, kapena munapitako chifukwa chokakamizidwa ndi abale? Yankho lake ndilo likuuzeni kolowera. Amene anavutika ndi mabuku koma manja ake ndi aluso asathamangire digiri.

2. Tengani mapepala anu. Pemphani kalata yonena kuti munatuluka liti komanso chifukwa chiyani, ndi zotsatira za zimene munaphunzira. Sungani pamodzi ndi NRC ndi satifiketi ya giredi 12. Koleji yatsopano ndiyo imagamula ngati ikuchotsereni phunziro lina, ndipo nthawi zambiri mumayambira chaka choyamba. Akakufunsani za kale, nenani zoona.

3. Konzani magiredi ofooka. Maphunziro ambiri a dipuloma ndi digiri amafuna makirediti 5, kuphatikizapo Chingelezi, ndipo ambiri amafunanso masamu. Kirediti ndi giredi 1 mpaka 6. Ngati muli ndi 7, 8 kapena 9 pa phunziro lofunika, lembetsani mayeso a GCE a Examinations Council of Zambia. Mukakhoza, bungweli limaphatikiza zotsatira zakale ndi zatsopano.

4. Sankhani koleji yovomerezeka. Kuno kum'mawa kuli Chipata College of Education ya uphunzitsi, Chipata Trades Training Institute ya ntchito zamanja, Katete College of Agricultural Marketing, ndi masukulu a unesi pa zipatala za St Francis ku Katete ndi Mwami. Safunsa anadya phula: musanalipire ngwee iliyonse, tsimikizani kuti koleji ya zaluso inalembetsedwa ku TEVETA, ndipo yunivesite ku Higher Education Authority. Satifiketi ya sukulu yosalembetsedwa sikupezetsani ntchito.

5. Funani ndalama msanga. Mu 2022 boma linakweza thumba la chitukuko la CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina limalipirira achinyamata maphunziro a luso. Fomu imadzera ku Ward Development Committee ya kwanu, kenako ku khonsolo ya Chadiza. Imayenda ndi kalata yoti koleji yakulandirani, choncho yambani ndi kufunsira malo.

6. Sinthani kaphunziridwe. Kudzuka m'mamawa ndi kusunga nthawi, zimene munazolowera ku usilikali, zigwiritseni ntchito pa mabuku. Phunziro likayamba kukuvutani, kaonaneni ndi aphunzitsi sabata yomweyo, ndipo lowani m'gulu la anzanu owerengera limodzi.

Inu makolo ndi atsibweni, mwana wabwera wosweka mtima. Musamunyoze pa anthu. Khalani naye pansi, muwerengere limodzi ndalama za soya kapena chimanga zimene zingapite ku sukulu. Ndipo inu achinyamata, musadikire kuti manyazi athe kaye. Tulutsani satifiketi yanu lero, muone magiredi, mupite mukafunse mafomu.