Mmene Paki ya ku Cape Maclear Imagwirira Ntchito

Mukachoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, mutatsala pang'ono kufika, pali msewu wopatukira kumanzere. Msewuwu umakhotakhota pakati pa mapiri kwa makilomita pafupifupi 18 mpaka kukafika m'mudzi wa Chembe, kumene alendo amakutchula kuti Cape Maclear. Mapiri amene mwadutsawo, zilumba zimene zili patsogolo panu, ndi madzi ozungulira zilumbazo, zonsezi ndi mbali ya Lake Malawi National Park, paki imene boma linakhazikitsa mu 1980. Mapaki ena monga Liwonde ndi Kasungu amadziwika ndi njovu ndi nyama zina za pamtunda. Iyi anaikhazikitsira nsomba, ndipo inali yoyamba pa dziko lonse kuteteza nsomba za m'madzi opanda mchere. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Komabe anthu ambiri a m'mphepete mwa nyanja amangoidziwa ndi zoletsa zake: pano osaponya ukonde, apo osadula mtengo, pachipata lipirani. Zoletsazi zili ndi zifukwa zimene munthu angathe kuziona ndi maso ake, ndipo woyenera kupita kukaziona ndi munthu wa konkuno kuposa mlendo wochokera kutali.

Nkhani yonse imayambira pa kansomba kotchedwa mbuna. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo mbuna zokha zilipo mitundu yoposa 350. Pafupifupi mitundu yonseyi simungaipeze kwina kulikonse. Mbuna imakhala m'miyala ya pamadzi osaya, pamene dzuwa limafika pansi, chifukwa chakudya chake chachikulu ndi ndere zomera pamiyalapo. Imazipala ndi mano ake ang'onoang'ono tsiku lonse. Siikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, popeza kumeneko kulibe pobisala ndipo ncheni ndi nsomba zina zolusa zimaiwakha. N'chifukwa chake mbuna za pa chilumba chimodzi zimabadwira pomwepo, kuswana pomwepo ndi kufera pomwepo, mpaka patapita zaka zikwizikwi zinasiyana maonekedwe ndi anzawo a pa chilumba choyandikana nacho. Kaswanidwe kake nakonso n'kapang'onopang'ono. Yaikazi ikaikira mazira imawatolera m'kamwa ndi kuwasunga momwemo kwa milungu pafupifupi itatu, osadya, mpaka tiana titayamba kusambira. M'kamwa mwa nsomba yotalika ngati chala simungalowe mazira ambiri. Choncho mtundu wa mbuna ukatha pa miyala yake, palibe kwina kumene ina ingachokere kudzalowa m'malo.

Apa ndi pamene pachokera lamulo lalikulu la pakiyi. Madzi onse oyambira pagombe la paki kulowa m'nyanja mamita 100 ndi otetezedwa, ndipo n'chimodzimodzi kuzungulira zilumba 13 za pakiyi, monga Domwe, Thumbi West, Mumbo, Boadzulu ndi Maleri ya ku Salima. M'kati mwa malire amenewa simuloledwa kupha nsomba. Mamita 100 ndi utali ngati wa bwalo la mpira, ndipo m'menemo ndi mmene muli miyala yambiri ya mbuna. Koma chodabwitsa n'chakuti pa masikweya kilomita 94 a paki yonse, madzi ndi 7 okha. Otsalawo ndi mapiri ndi zilumba. Paki ya nsomba ikufuniranji mapiri? Yankho lili m'matope. Phiri likametedwa, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira m'nyanja. Dothilo limakuta miyala, ndere zimafa chifukwa chosowa dzuwa, ndipo mbuna imasowa chakudya. Madzi akada, yaikazi imavutikanso kuzindikira yaimuna ya mtundu wake, chifukwa imasankha poona mawanga, kaya ndi obiriwira ngati kumwamba, achikasu kapena a mizeremizere. Wodula mtengo pamwamba pa phiri la Nkhudzi mwina sanagwirepo ukonde chibadwire, koma nkhwangwa yakeyo imapha nsomba.

Zonsezi zimaoneka bwino munthu akafika yekha. Pachipata mumalipira, ndipo Mmalawi amalipira ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja. Chakumadzulo kwa Chembe kuli Otter Point, pamene mungathe kuima pamwala n'kumaona mbuna zikusambira pansi panu musananyowe n'komwe. Anyamata operekeza alendo amatenga anthu pa boti kupita ku Thumbi West, kumene amabwereketsa magalasi oonera pansi pa madzi. Wosadziwa kusambira asakwere boti lopanda jekete zoyandamitsa, ndipo nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndi bwino kumvera eni boti akanena kuti lero nyanja yakwiya. M'mitengo ya pazilumba muli nkhwazi, pamiyala pamaothera dzuwa ng'azi, ndipo m'mapiri muli anyani, apusi ndi mbira. M'mbali mwa msewu muli Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere yakuya imene anthu ankaiyerekeza ndi mphini za pankhope. Pali chizolowezi chimodzi chimene ine sindikuchiyamikira, chomwaza buledi m'madzi kuti mbuna ziunjikane pojambula chithunzi. Matumbo a nsomba imeneyi anazolowera ndere, ndipo mlendo wofatsa amaiona bwino ikudya mwa chikhalidwe chake.

Msodzi akhoza kufunsa kuti, nsomba si ndiwo kodi? Bwanji boma likutseka madzi pamene ana akugona ndi njala, kuti anthu okhuta azidzasangalala poona tinsomba? Funsoli ndi lolemera ndipo siliyenera kunyozedwa. Poyankha, tiyambe ndi kukula kwa malo. Nyanja yonse ndi yoposa masikweya kilomita 29,000, ndipo madzi otsekedwa ndi 7 aja. Usipa, umene umadyetsa mabanja ambiri masiku ano, amaupha kutali ndi gombe usiku ndi nyali ndi chilimira, ndipo lamulo la mamita 100 siliukhudza kwenikweni. Chachiwiri, madzi osaya ndi kumene tiana ta nsomba zambiri, kuphatikizapo chambo, timakulira tisanalowe kwakuya. Malo otsekedwa ali ngati nazale ya fodya: palibe amene amathyola fodya panazale, koma munda wonse umachokera pomwepo. Amene akukayika afunse akuluakulu a ku nyanja ya Malombe, kumwera kwa boma la Mangochi. Kumeneko chambo chinali chambiri, koma makoka a maso ang'onoang'ono anasesa ana ndi udzu wa pansi pa madzi womwe, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitasowa. Mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko pofuna kuchibwezeretsa, koma mpaka lero sichinabwerere mwakale.

Pali umboni wina umene umakhudza thupi la munthu, ndiwo likodzo. Munthu wodwala likodzo akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa, tizilomboto timalowa mu nkhono, timachulukana m'menemo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la aliyense wosamba, wochapa kapena wotunga madzi. Popanda nkhono matendawa sangafale. M'nyanjamu muli nsomba zina zimene chakudya chawo ndi nkhono zomwezo. Jay Stauffer wa ku yunivesite ya Penn State ku America, pamodzi ndi anzake, anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri ku Chembe ndi midzi ina. Anaona kuti kumene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka okokedwa pamchenga, nkhono zinachuluka, ndipo ana asukulu odwala likodzo anali ambiri. Neti ya udzudzu ikasanduka ukonde, banja limadya tinsomba tsiku limenelo, koma nkhono zimatsala popanda mdani pamalo pomwe ana amasambira. Kwa wopita kukasambira, malangizo ndi awa: pewani malo a bango ndi madzi odikha a pafupi ndi mudzi, musakodzere m'nyanja, ndipo pakapita miyezi iwiri pitani kuchipatala mukayezetse. Mankhwala ake, praziquantel, amapha bwino nyongolotsi zikakhwima, n'chifukwa chake kumwa tsiku lomwelo sikuthandiza kwenikweni.

Ena amati pakiyi ndi ya azungu basi. Mbiri ya malowa imawapatsa poyambira. Dzina lakuti Cape Maclear linaperekedwa ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, chonsecho malowo anali kale ndi eni ake. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Robert Laws, anafika pa sitima ya Ilala n'kumanga mishoni ya Livingstonia pomwepa, koma malungo anawavutitsa mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881, n'kusiya manda amene alipo mpaka lero. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinayamba kuima pano pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Ngakhale lero malo ogona ambiri okwera mtengo si a anthu a m'mudzimo, ndipo ichi n'choona chimene sitiyenera kuchibisa. Komabe ndalama za mlendo zimafikanso kwa woyendetsa boti, wosema ziboliboli, wophika, mlonda, ndi mayi wogulitsa tomato pamsika. Mlendoyo sanabwerere mchenga, pakuti mchenga uli m'maiko ambiri. Wabwerera nsomba zimene kwawo amaziona m'mabokosi a galasi okha. Gawo lina la ndalama za pachipata linakonzedwa kuti lizibwerera ku midzi kudzera m'bungwe la Mangochi Salima Lake Park Association. Ngati anthu sakuona chimene ndalamazo zachita, ali ndi ufulu wofunsa pamsonkhano wa mudzi kuti zinabwera zingati ndipo zinapita kuti. Wolipira pachipata naye aziumirira kulandira risiti, chifukwa ndalama yosalembedwa siifika kwa boma kapena kumudzi.

Funso lovuta kwambiri limachokera ku Mbenji, chilumba cha ku Salima chimene sichili m'pakiyi. Kumeneko mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, popanda kudikira boma, ndipo utaka umapezekabe. Ngati mfumu ingathe kutero, a gemu ndi a chiyani? Pali kusiyana kumodzi. Ku Mbenji amatseka miyezi yowerengeka kuti nsomba ziswane, kenako amatsegula. Mbuna imakhala pa miyala yomweyo chaka chonse ndipo imaswa ana ochepa, choncho malo ake amafunika kutsekedwa nthawi zonse. Koma pa mfundo ina Mbenji ikunena zoona: lamulo limagwira ntchito eni mudzi akaliona ngati lawo. Pakiyi itakhazikitsidwa, midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale inatsala m'kati mozunguliridwa ndi malire, ndipo anthu ake achuluka kwambiri kuyambira 1980. Amafuna nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba, ndipo dongosolo lakuti amayi azitola nkhuni zouma ndi chiphaso limavuta pamene ofuna nkhuni achuluka kuposa mitengo youma. Alonda a paki sangathe kukhala pa chilumba chilichonse usiku uliwonse, kuchokera ku Boadzulu mpaka ku Maleri. Amene amaona bwato lolowa m'mamita 100 usiku ndi msodzi mnzake, ndipo amene angalankhule naye m'mawa ndi komiti ya padoko ndi mfumu. Anthu amenewa sangaikire kumbuyo lamulo limene sanaone chifukwa chake. Ulendo wa kalasi ya sukulu ya kwacha kapena ya ana a pulayimale wochokera ku Monkey Bay, Nankumba kapena Makawa umatheka tsiku limodzi, ndipo magalasi awiri kapena atatu oonera pansi pa madzi amakwanira gulu lonse ngati anthu akusinthana.