Za Nthenda ya Glaucoma ndi Mankhwala Awiri m'Botolo Limodzi

Akhristu ambiri aidziwa mbiri ya Tobiti, nkhalamba yolungama ija imene idachita khungu, ndipo mwana wake Tobiya atampaka ndulu ya nsomba m'maso, zoyera zija zidakanganuka, iye napenyanso. Chifukwa cha mbiri yotere, ndiponso poona abale awo akuchira ng'ala pambuyo pa opaleshoni, anthu ambiri ayesa kuti mankhwala onse a maso ntchito yake ndiyo kubweza kupenya. Koma ilipo nthenda ina, imene madokotala aitcha glaucoma, yosatero ai. Chimene yatenga sichibwerera, ndipo mankhwala ake angosunga chimene chatsala.

M'kati mwa diso muli madzi oyera, osiyana ndi misozi, amene atumphuka usana ndi usiku kuseri kwa mboni, nadyetsa diso, natuluka pa timabowo ting'onoting'ono ta m'mphepete. Timabowoto tikayamba kutsekeka madzi achuluka, diso liuma monga mpira woupopa kopitirira, ndipo mtsempha wotenga zooneka kunka nazo ku ubongo uyamba kufota. Pa chida choyesera kuuma kumeneku, diso la munthu wabwino lionetsa kawirikawiri pakati pa 10 ndi 21. Choopsa nchakuti mtundu wofala wa nthendayi suwawa konse. Munthu ayamba kutaya zam'mbali: apunthwa pa mpando, saona njinga yodzera kumanzere, chikhalirecho buku la mapemphero aliwerenga bwino lomwe. Anthu akuda nthendayi iwagwira msanga ndi mwamphamvu kuposa azungu, ndiponso itsata mtundu.

Tsono pochiritsa njira zilipo ziwiri, monga achita mwini dimba lodzala madzi: kuchepetsa kasupe, kapena kukuza ngalande. Timolol, amene adavomerezedwa ku America mu 1978, achepetsa madzi otumphukawo. Dorzolamide achita chimodzimodzi koma podzera njira ina. Latanoprost, wa mu 1996, ndiye atsegula ngalande. Kwa odwala ambiri mankhwala amodzi sakwanira, kotero kale munthu adali kusunga mabotolo awiri kapena atatu, lililonse ndi nthawi yake. Apa mpamene padali vuto. Diso ndi chotengera chaching'ono, sililandira ngakhale dontho limodzi lathunthu. Munthu akathira lachiwiri msanga, asadapite mphindi zisanu, litsuka loyamba lija lisadalowe. Nanga nkhalamba yonjenjemera manja, yosatha kuwerenga zolembedwa pa botolo, idzalondola bwanji zonsezi?

Nchifukwa chake akatswiri adaphatikiza mankhwala awiri m'botolo limodzi. Mu 1998 kudatuluka Cosopt, ndiye dorzolamide ndi timolol, wothira kawiri pa tsiku. Alipo enanso, monga Xalacom, wophatikiza latanoprost ndi timolol, wothira kamodzi kokha. Mphamvu yake siisiyana kwenikweni ndi ya mabotolo awiri aja akathiridwa bwino. Ubwino wake ndi wakuti munthu saiwala kapena kusokoneza, ndipo pa nthenda ya moyo wonse chimenechi si chaching'ono.

Koma pakhale chenjezo. Pa ngodya ya diso, pafupi ndi mphuno, pali kanjira kamene misozi itsikira, ndipo dontho likadzera m'menemo lilowa m'magazi. Timolol akafika m'thupi achedwetsa kugunda kwa mtima, napanikiza njira za mpweya. Wodwala mphumu, kapena wa mtima wogunda pang'onopang'ono, ayenera kuulula kwa dokotala asadalandire botolo, pakuti dzina la pa botolo likhoza kubisa kuti timolol alimo. Ndipo aliyense, atathira dontho limodzi, atsinzine, nakanikize ngodyayo ndi chala mphindi ziwiri. Dorzolamide amalasa pang'ono nasiya kuwawa kukamwa. Zimenezi zisamuopse munthu. Mlomo wa botolo usakhudze diso kapena chala.

Aphunzitsi a katekisimu, amene ayendera odwala m'midzi kuposa ansembe, ali ndi gawo lawo pano. Adzamva nkhalamba ikuti, ndathira miyezi itatu koma sindipenya kuposa kale, mankhwalawa ngachabe. Aiyankhe mofatsa kuti kusaonjezeka kwa mdima ndiyo ntchito ya mankhwalawo, ndi kuti akalekedwa diso liumanso m'masiku ochepa. Wina adzaopa kuthira pa tsiku lolandira Ukaristia; amuuze kuti lamulo la Eklezia la kusala ora limodzi silikhudza madzi kapena mankhwala, nanji dontho la m'diso. Wothira kawiri pa tsiku angathe kutsata pemphero la Angelus, 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, pakuti pakati pake pali maora 12 ndendende. Aletsenso kubwerekana mabotolo ndi kugula mankhwala a maso pamsika, popeza ena, makamaka a mtundu wa steroid, ndiwo akweza madzi a m'diso.

Botolo lisadathe, mbale apite kukatenga lina. Ndipo ana ndi abale a wodwalayo, makamaka ofika zaka 40, akapimitse maso awo ngakhale apenya bwino, kaya ku chipatala cha boma lawo, kaya ku zipatala za maso za Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre ndi ku Kamuzu Central mu Lilongwe.