KHOLA LA NSATO: ZIMENE NDINAPHUNZIRA PA TCHUTHI KU MPINGU

Pa tchuthi chapitachi ndili kwathu ku Mpingu, msuweni wanga anagwira mwana wa nsato pafupi ndi khola la nkhuku. Sanaiphe. Anaiponya mu mgolo wachitsulo, navindikira ndi lata, nauika pabwalo. Iye anati anaona pa foni kuti azungu amaweta nsato m'nyumba, tsono nayenso aweta yake. Pamene ndinafika masana, mgolo uja unali wotentha ngati chiwaya, ndipo njokayo inali itafooka kwambiri. Tinaisamutsira pamthunzi mwamsanga. Zimenezi zinandikumbutsa phunziro la Biology, ndipo ndafuna kuti tigawane.

Choyamba tidziwe kuti nsato ya pa foni ija si nsato yathu. Imene anthu amaweta kunja amaitcha ball python, ndipo kwao ndi maiko a kumadzulo ndi pakati pa Africa monga Ghana, Togo ndi Benin. Ndi yaifupi, kawirikawiri siipitirira mita imodzi ndi theka. Ikaopsedwa imadzipinda ngati nkhata, mutu n'kubisa pakati. Mu mzinda wa Ouidah ku Benin muli kachisi wa makolo m'mene njokazi amazisunga mwaulemu, moyang'anizana ndi tchalitchi chachikulu cha Katolika. Nsato ya kuno ndi ina: ikakula imafika mamita 4 ngakhale kupitirira. Zonse ziwiri zilibe ululu, koma yathuyi ikaluma imasiya bala lalikulu.

Nanga woweta ball python amakonza khola lotani? Chinsinsi chagona pa mfundo iyi: thupi la njoka silidzipangira kutentha monga lathu. Ikazizidwa imapita padzuwa, ikatenthedwa imalowa kuuna. Khola labwino ndi limene limaipatsa mwayi wosankha.

1. Kukula kwake. Njoka yaikulu imafuna bokosi la masentimita pafupifupi 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu, kuti izitha kudziwongola.

2. Kutentha. Mbali imodzi ikhale yofunda, madigiri 30 mpaka 32, mbali ina yozizirirapo, madigiri 24 mpaka 26. Popanda kufunda kokwanira chakudya sichigayika m'mimba, ndipo njoka imachisanza. Kuno ku Lilongwe usiku wa June ndi July umazizira kufika pansi pa madigiri 10, choncho pamafunika chotenthetsera chamagetsi chokhala ndi chida choletsa kutentha kupyola muyeso. Magetsi akathima, njoka ili pa mavuto.

3. Pobisala. Paikidwe malo awiri obisalamo, amodzi kofunda, ena kozizira. Mphika wadothi wobenthuka, wovundikira pansi, umakwanira. Njoka yosowa pobisala imakhala ndi mantha ndipo imakana kudya.

4. Madzi ndi chinyezi. Pakhale mbale yolemera yosagubuduzika, ndipo madzi asinthidwe kawirikawiri. Mpweya ukauma kwambiri njoka imavutika kufundula. Khungu lakale limakanirira m'maso ndi kumchira. Komabe pansi pasakhale chinyontho nthawi zonse, chifukwa mimba imachita zilonda. Utuchi wa paini wosaumitsidwa bwino usayalidwemo, popeza utomoni wake umavuta njoka popuma.

5. Chitseko. Njoka ili ndi mphamvu zokankha, ndipo pamene mutu walowa thupi limatsatira. Chitseko chikhale chokhomeka, ndi timabowo ting'onoting'ono tolowetsa mpweya.

Kuwonjezera apo, njoka yotere imadya khoswe mmodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo imakhala ndi moyo zaka 20 mpaka 30. Woigwira asambe m'manja ndi sopo, chifukwa zokwawa zimanyamula tizilombo ta salmonella totsekula m'mimba.

Nditamufotokozera zonsezi, msuweni wanga anayamba kuwerengera. Kwao kulibe magetsi. Mgolo wake unalibe pofunda ndi pozizira, unalibe madzi, unalibe pobisala. Ndipo nsato yake, ikanakhala moyo, patapita zaka zochepa ikanafuna chipinda chathunthu ndi nkhuku zomwe ankafuna kuziteteza zija. Pamwamba pa izo pali lamulo. Lamulo la nyama zakutchire la mu 1992, limene analikhwimitsa mu 2017, salola munthu kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo cha boma, ndipo nsato ili m'gulu limeneli.

Agogo athu, amene anali chete pakhonde, anawonjezera mfundo yawo. Anatikumbutsa kuti ku kachisi wa Makewana ku Msinja, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, makolo ankalemekeza njoka yotchedwa Thunga pa nkhani za mvula. Anatinso nsato yaing'ono imathandiza mlimi pomudyera makoswe a m'nkhokwe.

Tsono tinagwirizana chochita. Njoka ija tinaiika m'thumba lansalu lopitisa mpweya, tinamanga kukamwa kwake, ndi kuliika mu ndowa yoboola chivindikiro, m'chipinda chamthunzi. Sitinaipatse chakudya, pakuti nsato imatha masabata osadya. Tinadziwitsa amfumu, ndipo iwo anaimbira a zanyama zakutchire, amene anadzaitenga. Mu mzinda wa Lilongwe mulinso malo a Lilongwe Wildlife Centre amene amalandira nyama zopulumutsidwa ndi kuzibwezera kutchire zikachira.

Anzanga, mukapeza nsato kumudzi musathamangire kuigwira, makamaka yaikulu. Chotsani ana ndi agalu, itanani odziwa. Ine ndi msuweni wanga masiku otsala a tchuthi tinawathera pa ntchito imene inali yofunikadi: tinakweza khola la nkhuku m'mwamba, tinatseka mipata yake ndi waya wa maso aang'ono, ndi kutchetcha udzu wonse wozungulira.